Chimbale cha M'nyengo ya Mvula

Amuna anga anali munthu wa mabotolo. Umo ndi mmene ndinkawafotokozera kwa makasitomala a pa golosale yanga, chifukwa ndikanena kuti amaphunzitsa kemisitire ku koleji, funso lotsatira linkakhala lakuti kodi amabayanso jakisoni. Sanali dokotala. Ntchito yawo inali kutenga zinthu ziwiri zitatu zonunkha, kuziphika pamodzi m'botolo la khosi lalitali, mpaka patuluke chinthu china chimene poyamba panalibe. Chaka chimene tinavota koyamba zipani zili mbwee ndi chaka chimene anabwera kudzakhala kwathu ku Neno, atawapumitsa ntchito chifukwa cha chifuwa. Dziko lonse linali pa chisangalalo, aliyense akuyankhula zimene anasunga pakhosi zaka zambiri, koma m'nyumba mwathu chimene chinkamveka kwambiri chinali kutsokomola.

Achipatala anati ndi chifuwa chachikulu. Anthu a pamsika anali ndi dzina lawo la matendawo, ndipo ankalitchula ndikangotembenuka. Ana tinalibe. Woyamba anapita padera, wachiwiri tinangomubwereka miyezi yochepa n'kumubweza. Kwawo kwa amuna anga, kufupi ndi ku Matandani, nkhaniyi anaiweruza kalekale osandiitana, ndipo wolakwa ndinali ine.

Asanadwale anakhalako ku Ulaya zaka ziwiri, m'labotale ya pulofesa wina wokalamba. Kumeneko ankalimbana ndi katupe, yemweyu amene anthu amasinja n'kuthira padziwe kuti nsomba ziledzere. Mu katupe muli mankhwala amene amaphanso tizilombo ta m'mbewu, ndipo ophunzira ankafuna kumawapanga okha m'botolo m'malo mokumba mizu. Njira inalipo kale, koma inali yaitali, ndipo pena pake pankafunika madzi ena oipa amene amawononga magazi a munthu wowapuma. Amuna anga anapeza podulira, posafuna madzi oipawo. Ine ndinaseka atandiuza. Ndinati munthu kukwera ndege ulendo wonsewo kukaphunzira katupe, chikhalirecho amalume anga a ku Chifunga akanawaphunzitsa ulere pa tsiku limodzi.

Kunjako kunali anthu amene ntchito yawo inali kusonkhanitsa njira zoterezi, za mankhwala a mtundu uliwonse, n'kuziika pamodzi. Amuna anga ankati ndi nkhokwe. Sinali ya mabuku ayi, inali pa zimbale zonyezimira zowerengera pa kompyuta. Ukafuna kupanga mankhwala akutiakuti, unkalemba dzina lake, kompyuta n'kukuuza kuti tenga chakuti muyezo wakuti, tenthetsa chonchi, dikira chonchi, upeza zochuluka chonchi. Pansi pake pankakhala dzina la munthu amene anatulukira njirayo. Koma sankangothira chilichonse m'nkhokwemo. Ankayamba apereka njira yako kwa anthu ena a dziko lina, osakudziwa, kuti aiyese okha. Ikatheka m'manja mwawo ndiye inkalowa. Njira ya amuna anga inali pa mzere umenewo pamene ankabwerera kuno.

Pulofesa uja kulemba kalata sankakudziwa. Chimene anachita n'kungouza mlembi wake kuti chimbale chatsopano chikatuluka azitumiza chimodzi ku Malawi. Ndiye pakapita miyezi ingapo, ku positi ofesi ya pa Neno kunkafika envelopu yokhuthala, yofewa m'kati, m'menemo muli chimbale. Chilichonse chinkabwera ndi njira zatsopano zimene zavomerezedwa, zolakwika zakale zimene azikonza, ndi machenjezo akuti njira yakuti samalani nayo, yaphulitsa botolo kwinakwake. Ndipo zinali ndi khalidwe limodzi loipa: chatsopano chinkakhala pamwamba pa chinzake ngati njerwa. Ukadumpha chimodzi, chotsatira chinkakana kulowa.

Tsono tangoganizani. Nthawi imeneyo Neno anali asanakhale boma payekha, tinali kumchira kwa Mwanza. Kunyumba kwathu magetsi kunalibe, ndipo kompyuta ndinali ndisanaionepo ndi maso. Yomwe inkawerenga zimbalezo inali ku Blantyre, mu ofesi ya mnzawo wa amuna anga amene ankaphunzitsa naye limodzi, munthu wamfupi wokonda kuseka amene ine ndinkangomuti alamu. Chimbale chikafika, amuna anga ankachitembenuza m'manja pakhonde, kuchiyang'anitsa padzuwa, ngati mwina dzina lawo lioneka m'mitundu yonyezimirayo. Kenaka ankavala jekete, kukwera matola otsikira ku Lisungwi, kukadikira ina pa Zalewa, mpaka m'tauni. Ankabwerako atatheratu, milomo itauma, n'kungonena kuti, "Dzina silinalowe. Mwina chotsatirachi." Akatero ankagona mpaka Lamlungu.

Ulendo wina anakomoka pa Zalewa, azimayi ogulitsa malonda pamsewu ndi amene anawakupiza ndi makatoni. Kuchokera pamenepo ndinati basi, zakwana. Ndinawauza kuti ngati zimbalezo zili ndi miyendo zizipita zokha. Anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti ndadziyika ndekha m'goli.

"Ndiye muzipita inuyo," anatero.

"Ine? Golosale nditseke chifukwa cha katupe?"

"Tsiku limodzi lokha, mayi. Ndikuphunzitsani. Ngakhale akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma inu ndimakukhulupirirani."

Anang'amba chivundikiro cha katoni ya sopo n'kulembapo dzina la mankhwalawo, dzina lalitali lokhala ndi manambala ndi timizere pakati. Anandijambuliranso chithunzi chake, timabwalo ta ngodya tolumikizana ngati zisa za njuchi, kuti ndikachiona ndichizindikire. Ndinkachiloweza ndikuyeza shuga ndi mchere. Mpaka lero ndikhoza kuchijambula pansi ndi chala, koma musandifunse tanthauzo lake.

Ulendo wanga woyamba alamu aja anandilandira ngati nduna. Anandikhazika pampando wawo wozungulira, kakabati kakang'ono ka kompyuta kanatuluka kokha, ine kudzidzimuka, iwo kufa nako kuseka. Chimbale chinalowa, makina analira pang'onopang'ono nthawi yaitali, kenaka anati ndilembe ndekha. Ndinalemba ndi chala chimodzi, kufunafuna chilembo chilichonse. Timabwalo tija tinatuluka, ndinatizindikira. Koma pansi pake panali njira yakale ija, yaitali, ndi mayina a azungu awiri. Ndinalembanso dzina la amuna anga palokha. Kompyuta inayankha mwachidule kuti palibe.

Alamu anasindikiza mapepala a zimene zasintha m'chimbalecho kuti ndikawapatse odwala, ndisabwerere chimanjamanja. Nditafika kunyumba ndinadabwa mmene amuna anga anawalandirira. Anakhala tsonga pamphasa, magalasi pamphuno, kuwerenga ngati ndi nkhani za kumudzi. Pena ankang'ung'udza kuti uyu wangosintha kutentha kokha basi n'kumatchedwa wotulukira. Pena anaseka mpaka kutsamwa, n'kundionetsa chipsera cha pa dzanja lawo lamanzere.

"Mwaona apa? Alemba tsopano kuti zimenezi osazithira msangamsanga, zimalusa. Ine zinandiuza kale pa dzanja pano."

Ndinayenda maulendo otere angapo, ndipo sindinganame kuti ndinkayenda mokondwa. Msewu wa ku Neno unali chilango. Munthu unkakhala pamwamba pa matumba a kachewere, fumbi m'maso, woyendetsa akukangana ndi anthu za ndale, aliyense tsopano katswiri wa boma. Pobwerera unkapeza kuti kasitomala wako wa sopo wazolowera golosale ya mnzako. Tsiku lina ndinafika nditanyowa, mwendo utatupa, ndi yankho lomwe lija lakuti palibe. Ndinawapeza amuna anga atasanza magazi m'beseni, akuyesa kulibisa kuseri kwa chitseko. Ndinapsa mtima koopsa. Ndinaponya mapepala aja pansi.

"Nkhokwe yanuyi ili ndi mankhwala a dziko lonse lapansi, eti? Nanga a chifuwa chanuchi ali pati? Ine ndikuthyoka msana kufunafuna mankhwala a anankafumbwe, mwini wake akutha ngati kandulo!"

Anatola mapepalawo limodzilimodzi, pang'onopang'ono, chifukwa kuwerama kunkawapweteka. Atamaliza anati, "A chifuwa changa mulibe, ndinayang'ana kale." Kenaka anapitiriza. "Mayi, munthu akamwalira anthu amafunsa kuti wasiya ana angati. Ine adzayankha chiyani? Ndimangofuna kuti munthu wina, kaya ku Japan kaya kuti, akadzafuna kupanga zimenezi, adzayambe wawerenga dzina la bambo anga, ngakhale alitchule molakwika. Chokhacho basi."

Ndinatuluka kukataya za m'beseni zija, ndinakalirira komweko kudzala. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinawakwiyira, chifukwa mawu amenewo anandilasa inenso: ana amene ankanenawo ndi omwe ine ndinalephera kuwasunga. Kuyambira tsiku limenelo sindinadandaulenso za msewu.

Chimbale chimene ndikufuna kunena chinafika mvula ili pakati. Chaka chimenecho inagwa ngati yatumidwa, ndipo paja amati mvula ikakuona litsiro siikata. Msewu wotsikira ku Lisungwi unadukaduka, matola analeka kukwera, amene anayesa anakagona m'matope. Envelopuyo inabwera pamutu pa munthu pamodzi ndi makalata ena, itanyowa ngodya imodzi. Pamenepo amuna anga anali atasiya kutuluka panja. Ankakhala pabedi atavala jekete yawo yakuda pamwamba pa juzi, poti ku Neno kukakhala nkhungu kumazizira mpaka m'mafupa. Anaitsegula, kuchiyang'ana chimbalecho, n'kuchilowetsa m'thumba la m'kati la jeketeyo ndi kachikwama kake komwe.

"Ichi ndiye chimenechi," anatero. "Ndikuchimva kulemera."

"Zonse zija munkatero."

"Ayi, ichi n'china. Kukangoyera mupite."

Sikunayere. Ndipo ngakhale kukanayera sindikanawasiya, chifukwa anali atafika poti madzi akumwa kuwagwirira mutu. Apongozi anga, mayi awo, anabwera wapansi kuchokera ku Matandani kudzandithandiza kudwazika. Tinali tisanagwirizanepo chiyambire, koma pa ntchito imeneyo ndiwayamikire, anali ndi manja. Ankawatembenuza, kuwapukuta, kuwaimbira nyimbo za kutchalitchi motsitsa mawu. Iwo ndi amene anaona kuti dzanja la mwana wawo silichoka pachifuwa, pamene panali thumba lija. Tikafuna kuwavula jekete kuti tiwasambitse, ankayamba atulutsa chimbalecho n'kuchigwira m'manja mpaka titamaliza. Apongozi ankachitcha kagalasi. Ndinayesa kuwafotokozera kuti m'menemo muli zolemba, mwinanso dzina la amuna awo omwe, koma anangochitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti iwo akuonamo nkhope yawo yokha.

Amuna anga anatisiya m'mawa wina, kunja kukuwaza. Mawu omaliza amene ndinawamva bwinobwino anali ofunsa ngati magalimoto ayamba kuyenda. Ndinawauza kuti ayamba, ngakhale anali asanayambe.

Abale awo anati maliro akaikidwe kwawo. Anawanyamula pa machira, amuna kusinthana mapewa m'matope, ife akazi pambuyo. Kumeneko ine ndinali mlendo. Anandikhazika pakona m'nyumba ya siwa, chitenje kumutu, azakhali anga mbali iyi, mayi wina wa kumpingo mbali inayo. Namfedwa sayendayenda, salamula, safunsa kuti zakuti zili pati. Amangokhala, anthu n'kumabwera kudzamugwira dzanja. Mutu wanga unali utaima, ndipo za chimbale zinandibwerera mochedwa, nditamva kuti amuna amaliza kusambitsa thupi ndipo aliveka jekete yakuda ija.

Ndinawanong'oneza azakhali. "Pitani mukawauze kuti m'thumba la jekete muli chinthu. Achitulutse asanatseke bokosi."

Azakhali anapita, anabwerako ndi apongozi. Mayiwo anagwada patsogolo panga, maso ali psuu, n'kuyankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Kagalasi kaja ndakaikamo ndine. Anyamata anakatulutsa posambitsa, ine ndakabwezeramo."

"Amayi, chimene chija sichinawerengedwe. Ankadikira kuti ndipite nacho ku Blantyre. Chikapita m'manda, zonse zobwera pambuyo sizigwiranso ntchito."

"Inu simunaone mmene ankakagwirira? Munthu chinthu chimene wafa atachifumbata sumulanda. Mukufuna azidzayenda m'maloto mwathu kukafunafuna? Mwana wanga wavutika mokwanira, mulekeni akagone ndi chake."

"Chimene ankafuna si kuchigwira, amayi. Ankafuna kudziwa zimene zili m'katimo."

"Ndiye akadziwira komweko. Kumene wapitako kulibe chobisika." Anaimirira, n'kuwonjezera mawu amene sindinawaiwale. "Zina zonse za m'nyumba mwatsala nazo ndinu. Kamodzi komweka mukukafunanso?"

Mayi wa kumpingo uja anandifinya dzanja kuti ndikhale chete. Azakhali anandinong'oneza kuti ndikalimbikira anthu adzati mkazi uja anayamba kulimbirana katundu mwamuna asanalowe m'manda, ndipo mbiri yotere siichoka. Ndinayesa kutumiza mawu kwa akulu awo a malemu. Yankho linabwera lakuti zimene anena mayi ndi zomwezo, pamaliro sipochitira milandu.

Pa nthawi yoona nkhope anandidzutsa, wina dzanja ili wina dzanja ilo, mmene amamugwirira namfedwa kuti asagwe. Bokosi analitsegula mpaka pachifuwa. Nkhope sindinaiyang'ane kwambiri, ndinali nditaiona ikutha miyezi yonseyo. Maso anga anapita pa jekete, kumanzere, pamene nsalu inatukuka pang'ono mwa ngodya zinayi. Chinali pafupi kwambiri moti ndikanatambasula mkono ndikanachikhudza. Ndinayesa, koma amayi ondigwira aja anaganiza kuti ndikufuna kudzigwetsera pa bokosi, anandikoka mwamphamvu n'kunditulutsa, nyimbo n'kukwera. Ndinakuwa, ndipo onse anati ndikulira mwamuna wanga. Ndinkaliradi mwamuna wanga, koma ndinalinso ndi ukali umene sindinaumvepo chibadwire.

Apongozi sindinawade mpaka kale. Anaika m'manda mwana amene anamuphunzitsa ndi kachewere wa m'munda mwawo, ndipo anachita chimene ankadziwa kuti ndicho chikondi. Koma chaka chimenecho sindinkafuna kumva ngakhale dzina la mudzi wawo.

Mvula inatha, msewu anaukwirira mwa apo ndi apo, manachesi anayamba kupsa. Ndinatsegulanso golosale. Anthu ankagula mwachangu osayang'ana kumaso, ena ankayang'anitsitsa khosi langa kuti aone ngati ndayamba kuonda. Tsiku lina bambo wa ku positi ofesi anaima pakhomo, chipewa m'manja, envelopu yokhuthala kukhwapa. Anati sanadziwe ngati aibweze kapena andipatse, poti dzina lolembedwapo ndi la malemu. Ndinailandira. Kunjako kunalibe amene anadziwa kuti munthuyo kulibe, mlembi uja ankangotumiza monga anauzidwira.

Ndinaisunga pashelefu, kuseri kwa mabotolo a mafuta ophikira, ndikudziuza kuti n'zopanda ntchito. Lamulo la zimbalezo ndinkalidziwa bwino. Komabe mtima unkati mwina ulendo uno asintha, mwina makina achita chifundo, mwina alamu aja adziwa pozembera. Loweruka lina ndinatseka golosale n'kukwera matola.

Alamu anali asanamve za maliro. Uthenga wa pa wailesi unawaphonya, ndipo foni ku Neno inali nkhani ina. Atandiona ndi duku lakuda anakhala pansi, kuseka konse kuja kutathawa. Anapukuta magalasi nthawi yaitali. Kenaka anatambasula dzanja, ndinawapatsa envelopu, ndipo anati tiyeni timuonere mnzathu.

Kakabati kaja kanatuluka, chimbale chinalowa. Makina analira pang'ono n'kusiya. Panatuluka kabokosi ka mawu ochepa. Alamu anawerenga, anayesanso, kabokosi komweko. Anazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, anapukuta chimbalecho ndi mpango, anayesa kuchitsegula mwa njira ina imene ankaidziwa, koma chinangoonetsa zilembo zosokonekera. Ine ndinali nditatulutsa kale chikatoni cha sopo chija, chala chili chokonzeka.

Ndinene pano kuti pambuyo pake bamboyo anayesetsa. Analembera pulofesa uja, analemberanso eni nkhokwe kupempha chimbale chosowacho. Kwa pulofesa sikunabwere yankho, koma zimbale zinasiya kufika, kusonyeza kuti uthenga wa maliro wokha ndiwo unamveka. Eni nkhokwe sanayankhe. Chaka chotsatira alamuwo anapeza ntchito ku Botswana, monga ankachitira aphunzitsi ambiri masiku amenewo, ndipo kompyuta ija sindidziwa kumene inathera. Ngati njira ya amuna anga inalowa kapena inakanika m'manja mwa oyesa aja, ine sindidziwa mpaka lero.

Koma tsiku limenelo iwo anali asanataye mtima. Anatembenuka pampando wawo n'kundiyankhula mofatsa, ngati kuti vutolo ndi laling'ono.

"Alamu, musadandaule, chimbalechi chilibe vuto. Chikungofuna chinzake cha m'mbuyo, chimene chinayenera kubwera nthawi ya mvula. Kodi sichinafike?"

"Chinafika."

"Ndiye basi, nkhani yatha. Mukabwera nacho tilowetsa zonse ziwiri tsiku limodzi, tiona pompano. Mwachisiya kunyumba?"

"Ayi."

"Nanga chili kuti?"

"Ali nacho eni ake," ndinatero.

Anandiyang'ana, anatsegula pakamwa kuti afunsenso, kenaka anamvetsa. Anadina batani, kakabati kanatuluka, anachotsa chimbalecho n'kuchibwezera mu envelopu mosamala. Ndinachilandira, ndinapinda chikatoni changa, n'kuwatsanzika msanga kuti ndikapeze matola a pa Zalewa asanathe.